Dontho la oyilo lidatsala pang'ono kundigwetsera kuphompho pa Khwekhwerere

Akonzi,

Ndiloleni ndigawaneko ndi awerengi anzanga nkhani ya ulendo umene ndidayenda pa 15 Okutobala chaka chatha, Tsiku la Anakubala, kuchoka kuno kumapiri a Dedza kumene ndimaphunzitsa kupita kwathu ku Mtakataka kukaona mayi anga. Ndi ulendo woti wa njinga yamoto amanyamuka atamwa tiyi n'kukafika nsima ya masana isanaphikidwe. Ine udanditengera tsiku lathunthu, ndipo padatsala pang'ono kuti ndisakafike n'komwe. Chidachititsa ndi dontho la oyilo limene ndidakhala ndikuliona pakhonde panga kwa miyezi isanu ndi umodzi, ine n'kumangothirapo mchenga.

Njinga yake ndi Honda CG125 yofiira, ngakhale kufiirako kudasuluka kalekale. Pa zaka ndi yaikulu kwa ine. Ilibe batani lolizira, timaliza ndi kiki, ndipo magetsi ake ndi a mavoti 6, moti usiku nyali yake imangoposa koloboyi pang'ono. Idali ya malume anga, amene adagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi moyo wawo wonse. Atatisiya, njingayo idakhala zaka zinayi m'kachipinda kosungira makasu, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Akubanja atagwirizana kuti ndiitenge ine monga mwana wa mlongo wawo, ndidatsukitsa thanki ndi kabureta, ndidagula pulagi, batire ndi matayala. Idalira pa kiki yachisanu, ana a m'mudzi n'kuwomba m'manja. Ine ndidati basi, ntchito yatha.

Njinga za mtundu umenewu zili ndi mbiri yake. Zidayamba kugulitsidwa mu 1975. Akatswiri a kampaniyo adali atayendera maiko a kummwera chakummawa kwa Asia n'kupeza kuti eni njinga ambiri amanyamula banja lonse ndi katundu yemwe panjinga imodzi, ndipo oyilo amasintha akachita kuda ngati phala la makala. Choncho adakonza injini yopirira, yosavuta kumasula, yokhala ndi sefa ya mpweya ya siponji yoti munthu n'kuchapa n'kubwezeretsa. Mu 1976 adayambanso kuzipangira ku Manaus m'dziko la Brazil. Njinga zambiri za kabaza zimene zadzaza m'misika yathu lero injini zake adatengera pa imeneyi, n'chifukwa chake zipangizo zina zimagwirizana. Mbiri imeneyi ine idandipusitsa. Ndidamva kuti njingayi ndi yopirira, ine n'kumasulira kuti siifuna chisamaliro.

Dontho lija lidayamba m'mwezi wa Epulo. M'mawa uliwonse ndikasuntha njinga ndinkapeza kabanga kakuda pasimenti, kakang'ono ngati ndalama yachitsulo. Mayi a kunyumba adadandaula kuti khonde likuda, ine ndidati njinga yakale ndi choncho, ili ngati nkhalamba, siilephera kukhosomola. Nditagwada n'kusuzumira ndidaona dontho likulendewera pakapu yaikulu yotulutsira oyilo, kumunsi kwa injini mbali ya kumanzere. Ndidabwereka sipanala 24 n'kumanga. Mawa lake dontho lilipo. Ndidamanganso mpaka makona a kapuyo adayamba kutha. Kenako ndidagula silikoni n'kumata ponseponse, ngakhale m'mazinga mwake. Ndipo poopa kuti injini ingaume, Loweruka lililonse ndinkaonjezera oyilo pang'ono. Ndinkadziona ngati munthu wosamala kwambiri.

Tsiku la ulendo ndidadzuka kudakali chisisira. Ngakhale mu Okutobala, kuno cha ku Bembeke m'mawa kumafuna juzi. Kumbuyo ndidamangirira thumba la mbatata ya kachewere, makabichi atatu ndi chitenje chatsopano cha mayi. Poyamba tidapangana kuti tipite awiri ndi mayi a kunyumba, koma mwana wathu wamng'ono adagona akutentha thupi, ndiye iwo adatsala. Panthawiyo ndidakhumudwa. Lero ndikakumbukira ndimangoti Mulungu amadziwa.

Ndidalowa mumsewu wa M1 kulowera chakummwera, nkhungu idakali m'madambo, amayi akutsirira minda ya tomato ndi anyezi. Chigawo chimenechi msewu umayenda m'malire enieni a dziko, moti ukayang'ana kudzanja lamanja ukuona midzi ya ku Mozambique, anthu ake olankhula ngati ife, ogula ndi kugulitsa m'misika imodzimodzi ndi ife. Pa Masasa, usanafike pa Lizulu, ndidakhotera kumanzere kulowa msewu wa ku Golomoti.

Amene sadayendepo pamsewu umenewu ndiwauze kuti ndi umodzi mwa misewu yokongola kwambiri m'dziko muno, komanso suchedwa kulanga wopusa. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, pamene nyanja yathu ya Malawi siifika ndi mamita 500 omwe. Kusiyana konseko munthu umakutsika m'kanthawi kochepa, pamakona otsatizana a Khwekhwerere, ena opindika ngati chigongono. Poyamba umadutsa minda ya mbatata ndi mitengo ya mapichesi. Kenako dziko limatseguka mwadzidzidzi, chigwa chonse n'kuyalika pansi pako, kutali uko nyanja ikuchita mbee ngati lata latsopano. Makutu amatseka, mphepo imayamba kufunda, juzi ija n'kusanduka katundu.

Malume adandiuzapo ndili mnyamata kuti pamtsetse wotere sudalira mabuleki okha, chifukwa akatentha amasiya kugwira. Umaika giya yaing'ono kuti injini izikubweza. Zimenezi ndidatsata. Ndidatsika pa giya yachiwiri, injini ikulira mokweza, ine ndikusirira dziko. Ndidamvako kafungo ka oyilo wopserera koma ndidati ndi lole imene idali kutsogolo.

Pakona ina yokhotera kumanzere, nditangopendeketsa njinga, tayala lakumbuyo lidachoka pansi panga ngati ndaponda khoko la nthochi. Sindidaone chilichonse pamsewu, padalibe mchenga, padalibe madzi. Ndidangozindikira ndili chagada, njinga ikukhwekhwereka patala kulowera tsidya lina la msewu, mbatata zikugubuduka kutsogolo kwake. Idakaima pamiyala ya m'mphepete. Kuseri kwa miyalayo kudali phompho loti mbatata zimene zidagweramo sindidamve pamene zidakafikira. Mwayi wake kumunsi sikunkabwera galimoto, liwiro lidali lochepa, ndipo chipewa ndidali nditamanga lamba. Ndidasupuka chigongono ndi bondo, buluku la kutchalitchi n'kung'ambika.

Oyamba kufika adali anyamata osema zidole. M'mbali mwa msewu umenewu muli tizisakasa tawo, mmene amagulitsa tigalimoto, tindege, timathirakitala ndi tinjinga ta mtengo, tosemedwa mwaluso moti mawilo amazungulira ndipo zitseko zimatseguka. Adandidzutsa, adadzutsa njinga, ena n'kuyamba kutola mbatata. Mmodzi mwa iwo, wa msinkhu wa ophunzira anga a Fomu 2, adagwada kumbuyo kwa njinga, adapaka chala patayala n'kundionetsa.

"Bwana, tayala lanu lasamba oyilo. Taonani mbali yonseyi."

Zoonadi, mbali ya kumanzere ya tayala idali noninoni. Tcheni chinkachita kudontha, masipoko ndi limu zili bii. Tidatsuka tayalalo ndi sopo wa m'paketi ndi madzi a m'chigubu chawo, n'kulikwecha ndi dothi louma. Adakana ndalama, ndiye ndidagula kanjinga kamodzi ka mtengo, kamene mpaka lero kali pawindo kunyumba. Mnyamata uja adandilangiza kuti ndikafika pa Golomoti ndisapite kwa amene ali pafupi ndi siteji, ndikafunse madala ena amene amakonzera pansi pa mtengo wa bwemba kuseri kwa msika.

Mtunda wotsalawo ndidatsika ngati kamba, mapazi ali pafupi ndi pansi, ndikuima pafupipafupi kupukuta tayala. Pofika kuchigwa dzuwa lidali litakwera. Golomoti ndi dziko lina kwa munthu wochokera kumapiri. Mitengo ya milambe yaima mbuu yopanda tsamba, mbuzi zabisala m'mithunzi ya magolosale, ndipo chapatali magalasi a magetsi a dzuwa andanda ngati munda. Apa ndi pamene msewu wochokera kumapiri umakumana ndi M5, wochokera ku Salima kupita ku Balaka, ndiye pamakhala piringupiringu wa minibasi, akabaza ndi ogulitsa usipa.

Madala aja ndidawapeza akudya chinangwa chophika. Ndi munthu wa imvi, wochepa thupi, wa magalasi omangidwa ndi waya mbali imodzi. Ataona njinga adaimirira n'kuizungulira kawiri osalankhula.

"Iyi ndiye njinga," adatero. "Mwaitenga kuti, bambo?"

Ndidafotokoza zonse, n'kumaliza ndi kuwauza kuti vuto ndikulidziwa kale, ndi kapu ya pansi ija, angondipezera ina. Atamva kuti ndine mphunzitsi adaseka pang'ono.

"Aphunzitsi, denga likamadontha, madzi n'kugwera pamphasa, mumasoka mphasa?"

Ndidangoti kukamwa yasa.

"Pamene mwaona dontho ndi pamene oyilo wathera ulendo wake. Ife tikufuna pamene wayambira. Oyilo sakwera phiri, amatsika. Ndipo njinga ikamathamanga mphepo imamukankhira kumbuyo. Ndiye tikafuna gwero timayang'ana malo onyowa amene ali pamwamba kuposa onse ndi kutsogolo kuposa onse. Koma injini yakuda chonchi singatiuze kanthu. Yambani mwaisambitsa."

Ndinkayembekeza kuti aitana mnyamata wawo. M'malo mwake adandipatsa ine kachitini ka palafini ndi mswachi wakale. Ndidati ndili ndi bala pachigongono. Iwo adati dzanja linalo lili bwino. "Pa Khwekhwerere paja ine ndinalipo? Mawa ikakakuvutani kutchire mudzaitana ndani? Gwirani ntchito ndinu, ine ndizikuuzani."

Tidadikira kuti injini izizire. Ndidamasula chivundikiro cha kumanzere chimene chimabisa sipuroketi yaing'ono, kagudumu ka mano kamene kamakoka tcheni. M'kati mwake mudali phala la oyilo, dothi ndi udzu lokwana kudzaza kapu ya tiyi. Ndidakokolola zonsezo, ndidatsuka injini yonse ndi palafini kuyambira kumutu mpaka pansi, kenako ndi madzi a sopo, n'kuisiya padzuwa. Dzuwa la ku Golomoti silichedwetsa. Itauma, madala adatuma mdzukulu wawo kukatenga ufa woyera m'mbale. Adauwaza pamalo ponse pamene zitsulo ziwiri zimakumana: kuzungulira chivundikiro cha pamutu, pansi pa silinda, potulukira giya, potulukira kiki, kuseri kwa sipuroketi ndi pakapu yanga ija. Injini idachita ngati yadzola pauda.

"Lizani, mupite mpaka pamphambano mubwerere. Pang'onopang'ono."

Nditabwerako tidagwada tonse awiri. Ufa udatiuza zonse ngati mwana wosabisa mawu. Pakapu imene ndidalimbana nayo miyezi isanu ndi umodzi ufa udali woyera, wouma. Pamwamba penipeni, m'mphepete mwa chivundikiro cha mavavu, mudali kamzere konyowa pang'ono. Koma kuseri kwa sipuroketi ufa udasanduka phala, ndipo tidaona ndi maso oyilo akutsetsereka, kutsata mimba ya injini mpaka kukalendewera pakapu paja. Wina ankagwera patcheni, tcheni n'kumamuwaza kutayala.

Ndidati basi tapeza, tisinthe. Madala adapukusa mutu. "Tapeza pamene akutulukira. Sitinapeze chimene chikumutulutsa." Adalowetsa dzanja kuseri kwa silinda n'kusolola kapaipi kakuda ka labala kamene kamachokera pamwamba pa injini kulozera pansi. Ine ndinkakaona masiku onse koma ndinkayesa n'kopanda ntchito. Adandiuza kuti ndiuziremo. Ndidauzira mpaka masaya kuwawa, mpweya osadutsa. Atatokosa ndi waya mudatuluka dothi louma gwaa ndi tizikoko ta tizilombo. Mavu aja oumba ndi dothi adamangamo nyumba pa zaka zimene njinga idakhala m'kachipinda.

Adandifotokozera kuti pisitoni ikamakwera ndi kutsika, mpweya wa m'mimba mwa injini umapanikizika, ndiponso utsi wina umadutsa m'mbali mwa maringi n'kulowa momwemo. Kapaipi kaja ndiye mphuno yopumira. Kakatsekeka, mpweya umafuna potulukira pena, ndipo umakankha oyilo kudzera pamalo pofooka. Potsika phiri pa giya yaing'ono injini imazungulira kwambiri kwa nthawi yaitali, ndiye dontho la pakhonde lija lidasanduka kamtsinje. Ndidachita manyazi, akonzi, chifukwa ine ndimaphunzitsa sayansi. Nkhani ya kupanikizika kwa mpweya ndaiphunzitsa kwa zaka, kujambula pabolodi, kupereka mayeso ndi kulepheretsa ana. Koma idandipeza pansi pa bwemba ndili mbuli.

Manyazi achiwiri adabwera pamene adandifunsa mmene ndimayezera oyilo. Ndidawaonetsa: njinga itatsamira pasitandi ya pambali, ndimasolola kandodo koyezera n'kuona. Adagwira mutu. Kandodoko kali kumanja, pamene sitandi ya pambali imapendeketsa njinga kumanzere, ndiye oyilo yense amathawira uko, kandodo n'kumaonetsa ngati wachepa. Kayezedwe koyenera n'kuimika njinga chilili pamalo osalala, kupukuta kandodo, kukakhazika pakamwa osakapotokola m'mazinga, n'kukasololanso. Titayeza motero, ngakhale ndidali nditataya wambiri panjira, oyilo adali pamwamba pa mzere womaliza. Injini imeneyi imafuna pafupifupi lita imodzi basi. Kusamala kwanga kwa Loweruka lililonse kudali kuithira mopitirira muyeso, zimene zimangoonjezera kupanikizika kuja.

Tidakhutula oyilo yense. Kapu ija idavuta kumasula chifukwa cha makona amene ndidawononga. Kuseri kwake kuli sipuling'i ndi kasefa ka waya kooneka ngati chipewa cha chala, kamene kamagwira zinyalala oyilo asanapite kupampu. Kasefako tidakapeza katamatidwa ndi tizidutswa ta silikoni wanga uja. Madala adakaika padzanja langa osanena kanthu. Patapita kanthawi adati, "Kakanatsekeka konse, oyilo sakanafika kumutu. Bwenzi tikukamba zogula injini ina." Adandikumbutsa kuti injini imeneyi ilibe madzi oiziziritsa, imadalira mphepo ndi oyilo, ndipo lita imodzi yomweyo ndi imene imatumikira pisitoni, magiya ndi kilatchi. Chimene chimatseka pakapu paja ndi kamkombero ka labala. Kakaphwatalala umasintha, sumanga mwamphamvu, chifukwa kapuyo ndi ya chitsulo chofewa ndipo imang'aluka.

Kenako tidafika pa silo, kamkombero ka labala kokhala ndi kasipuling'i m'kati kamene kamakumbatira shafuti ya sipuroketi kuti oyilo asatuluke. Ndidamasula mabawuti awiri, sipuroketi n'kuchoka. Pashafuti padali patakulungika ulusi wa thumba umene udadya mlomo wa siloyo, ndipo labala wake adali atauma ngati chikopa cha ng'oma yakale. Madala adandionetsa manambala olembedwa pamenepo, 20, 34 ndi 7, n'kunena kuti ndi mamilimita: kukula kwa bowo la m'kati, kukula kwa kunja, ndi kuchindikala. "Mukapita kusitolo musamanene dzina la njinga, anyamata a lero sakuidziwa. Muzinena manambala, kapena mutenge yakaleyo m'thumba." Mdzukulu uja adathamanga kumsika n'kubwera nayo, yochokera m'zipangizo za njinga za kabaza.

Kuika silo kumafuna mtima wodekha. Yakale ndidaitokosa ndi sikuludiraiva mosamala kuti ndisakande shafuti kapena khoma lake. Tidapapasa shafuti ndi chikhadabo kuona ngati idadyeka mzere, n'kuigwedeza kuona ngati bering'i yatha, chifukwa zikatero silo yatsopano siikhalitsa. Zonse zidali bwino. Yatsopanoyo ndidaipaka oyilo pamlomo, mbali ya kasipuling'i kuyang'ana m'kati, n'kuikhoma pang'onopang'ono ndi kachidutswa ka paipi kuti ilowe mofanana mbali zonse. Nditafuna kumenya mwamphamvu adandigwira mkono. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, aphunzitsi."

Labala wa chivundikiro cha pamutu sadapezeke tsiku limenelo. Adati ameneyo akungochita thukuta, sangandigwetse, ndikamugule ku Dedza kapena ku Lilongwe, ndipo pomanga ndizimanga mabawuti mosinthanasinthana, osafinya limodzi mpaka kumapeto. Tcheni adapeza kuti ndidachikoka kwambiri. Chimafunika chizisewera pang'ono pakati, ngati masentimita awiri, chifukwa cholimba kwambiri chimakoka shafuti ija n'kuwononga bering'i ndi silo yomwe. Tidathira oyilo watsopano wa 20W-50 wa m'botolo lomata, wolembedwa kuti ndi wa njinga zamoto. Adandichenjeza za oyilo woyezera m'mabotolo a zakumwa amene sudziwa kumene wachokera, komanso kuti oyilo wina wa galimoto amatereretsa kilatchi.

Tikusamba m'manja adandipatsa phunziro lomaliza. Si oyilo yense wotayika amene amagwa pansi. Utsi wobiriwira ngati mtambo kuekizozi ndiye kuti injini ikuwotcha oyilo, mwina maringi atha kapena timasilo ta mavavu. Utsi wakuda ndi petulo wochuluka. Oyilo akamanunkha petulo ndipo akuchuluka yekha, kabureta ikusefukira, ndiye uzitseka kampopi ka petulo poimika njinga. Oyilo wa pamafoloko akutsogolo ndi wina, ali ndi masilo akeake, ndipo akatsikira kubuleki ndi ngozi inanso. Ndidalemba zonsezi kuseri kwa pepala la mayeso limene lidali m'thumba. Malipiro amene adatchula adali ochepa moti ndidaonjezera makabichi awiri.

Ndidanyamuka dzuwa litapendeka, kulowera kumpoto pa M5. Ndidadutsa pamphambano ya ku Mua, kumene ansembe a White Fathers adakhazikitsa mishoni mu 1902, ndiponso kumene Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976. Ndili mwana tinkapitako kukaona zosema ndi zigoba za gule, ndipo ndinkadabwa kuti zinthu zakale chonchija zikuoneka bwanji zatsopano. Tsiku limenelo ndidaganiza kuti yankho lake ndi lomwe lija la pansi pa bwemba: pali munthu amene amazipukuta ndi kuziyang'ana. Kawiri konse ndidaima kusuzumira kuseri kwa sipuroketi. Kudali gwaa.

Mayi ndidawapeza atakhala pakhonde, nsima itazizira kalekale m'mbale zovundikira. Ataona buluku long'ambika ndi bala adayamba kulira ndisanafotokoze. Nditawauza zonse adakhala chete, kenako adati, "Mwana wanga, malume ako njinga imeneyi sankagona nayo chonchi. Madzulo alionse ankayala katoni pansi pake. M'mawa asanasambe n'komwe ankayamba asolola katoniyo n'kuiyang'ana. Ife tinkawaseka kuti akuyeza mwana malungo." Adalowa m'nyumba n'kutuluka ndi kathumba ka kanvasi kamene adasunga osadziwa ntchito yake. Mudali masipanala anayi, chomasulira pulagi, ndi timapepala tachitsulo topyapyala toyezera mpata wa mavavu. Chitenje chija adachilandira, koma ndikuganiza kuti mphatso yaikulu tsiku limenelo ndidalandira ndine.

Mawa lake ndidakwera Khwekhwerere m'mawa kusanatenthe. Pakona paja ndidaima. Mizere imene chopondera chidakanda patala idali ikuonekabe, yolunjika kumiyala ija. Anyamata osema adandizindikira n'kubwera kudzaona tayala. Lidali louma.

Kuyambira pamenepo ndili ndi kope limene ndimalembamo tsiku ndi makilomita a chilichonse chimene ndachita panjingayi. Oyilo ndimasintha pa makilomita 1,000 alionse monga adandilangizira madala aja, poti misewu yathu ndi yafumbi, ndipo nthawi iliyonse ndimatsuka kasefa kaja. Siponji ya mpweya ndimachapa, kuumitsa ndi kuinyowetsa oyilo pang'ono. Ndidaphunzira kuyeza mavavu injini ili yozizira, mpata wake mamilimita 0.08. Patchuthi cha Khirisimasi ndidabwerera ku Golomoti ndi gasiketi yatsopano, ndipo tidatsegula mbali ya kumanja kukatsuka sefa ina yozungulira imene ili m'kati, imene imasonkhanitsa zinyalala ngati matope. Labala wa pamutu ndidasintha ndekha. Katoni imagona pansi pa njinga usiku uliwonse. Ophunzira anga a Fomu 3 chaka chino phunziro la kupanikizika kwa mpweya adaliphunzirira panja, atazungulira njinga, aliyense akuuzira m'kapaipi.

Sindikunena kuti tsopano ndine makaniko. Za m'kati mwenimweni mwa injini ndimapitabe kwa eni ake. Ndipo njinga ya zaka zoposa 40 siisowa chodandaula: mwezi watha potulukira giya payamba kuchita chinyezi. Kusiyana kwake n'kwakuti ndidapaona pa tsiku loyamba, ndikudziwa kuti ndi pati, ndipo silo yake ili kale m'kathumba ka malume.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi zimene ndimaona pamasiteji a kabaza. Mukadutsa pamene anyamata athu amaimika njinga, tayang'anani pansi: dothi lake ndi lakuda ndi oyilo. Mukawafunsa amati bola ikuyenda. Njinga zimenezo ndi zomwe zimanyamula amayi oyembekezera kupita kuchipatala, ana a sukulu ndi makolo athu, kutsika nawo mitsetse ngati wa Khwekhwerere. Ambiri mwa anyamatawa njinga si zawo, ndipo mwini wake amangofuna ndalama ya tsiku. Ndikupempha eni njinga kuti azipereka tsiku limodzi pamwezi loti njinga isambe ndi kuonedwa. Palafini wa m'kachitini, mswachi wotha ndi ufa wodzaza dzanja sizingasaukitse munthu. Nanunso okwera, musanakhale pampando, ponyani diso patayala lakumbuyo. Likakhala lonyezimira mbali ya tcheni, dikirani njinga ina.

Kwa madala a pansi pa bwemba ndi anyamata osema zidole, ngati wina angakuwerengereni nyuzipepalayi, ndikuti zikomo. Chaka chino pa Tsiku la Anakubala tidzatsika awiri ndi mayi a kunyumba, ndipo tidzaima kukupatsani moni.

Mphunzitsi,
Dedza